Geji yapenga kapena pulanti ndiyo yadwala? Kuthetsa mavuto a zida zoyezera pa makina otsukira malasha

Ife amene timakonza zida zoyezera kuno ku Lilongwe timalandira madandaulo kuchokera mbali ziwiri. Mbali imodzi ndi ya anzathu ogwira ntchito pa makina otsukira malasha, amene amatumiza chithunzi cha sikirini pa WhatsApp pakati pa usiku n'kulemba kuti geji yapenga. Mbali inayo ndi ya oyang'anira ma boiler ku Kanengo, amene amati malasha a sabata ino achuluka phulusa, moto sukugwira, ndipo anyamata akungokhalira kugwetsa zibuma m'ng'anjo. Nthawi zambiri awiriwa amakhala akunena vuto limodzi, kungoti wina waliona poyambira, wina waliona galimoto itatsitsa kale katundu.

Malasha a kwathu kuno ambiri amachokera kumpoto, monga ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi migodi ya ku Karonga, ndipo pafupi nafe ku Moatize m'chigawo cha Tete kuli pulanti yaikulu imene malasha ake amadutsa m'dziko lino pa njanji yopita ku Nacala. Kaya pulanti ndi yaikulu kapena yaing'ono, ngati imalekanitsa malasha ndi miyala pogwiritsa ntchito magnetite (ufa wakuda wa mwala wa chitsulo umene umakokedwa ndi maginito) ndi cyclone (chida chozunguza madzi mwamphamvu kuti cholemera ndi chopepuka zisiyane), mavuto a zida zake ndi omwewo, ndipo amabwerezabwereza. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu akaona nambala yachilendo, dzanja limathamangira kukasintha kasetedwe ka geji. Geji ikasinthidwa popanda kuyeza ndi manja, vuto lenileni limabisala, ndipo amene adzabwere pambuyo pake sadzadziwanso poyambira.

## Musanakhudze chilichonse

Kumbukirani mmene kulekanitsaku kumachitikira. Malasha abwino ali ndi density (kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi madzi, amene ali pa 1.00) ya pakati pa 1.3 ndi 1.4, pomwe mwala wosakanikirana nawo uli cha m'ma 2.4 kupita m'mwamba. Timasakaniza ufa wa magnetite, umene density yake ili pafupifupi 5, ndi madzi kuti tipeze medium (madzi olemera olekanitsira malasha) ya density imene tikufuna, tinene 1.45. Mu cyclone chopepuka chimatulukira kumwamba, cholemera chimatulukira ku spigot, bowo la kumunsi kwake. Kusuntha kwa 0.02 kokha pa density kungasinthe phulusa la malasha ogulitsa, makamaka ngati malasha a mgodi wanu ali ndi zidutswa zambiri zimene density yake ili pafupi ndi pamene mukudulirapo.

Choncho chida choyamba si kompyuta, ndi kapu ya sikelo ya Marcy, sikelo yopachikapo kapu yoyezera density ndi manja. Chitani izi:

- Onetsetsani kuti kapu ndi yoyera, ndipo muipachike pa sikelo. Kenako dzazani madzi oyera, muvi uyenera kuloza 1.00. Ngati sukuloza, konzani sikeloyo kaye.
- Tengani sampulo pa payipi yomweyo pamene pali geji, osati mu sump (thanki imene pampu imatungamo medium). Tsegulani valavu, mulole medium ithamange pang'ono isanalowe mu kapu.
- Dzazani kamodzi n'kamodzi mpaka itulukire m'timabowo ta m'mbali. Musadzaze theka n'kudikira n'kuwonjezera. Magnetite imadikha msanga ngati thobwa losakhutchumula, ndipo mukachedwa muyeza madzi a pamwamba.
- Pukutani kunja kwa kapu, yezani, bwerezani katatu, ndipo nthawi iliyonse lembani nambala imene sikirini ikuonetsa pa mphindi yomweyo.

Ngati kapu ndi geji zikusiyana ndi 0.01 kapena kucheperapo, geji ilibe mlandu. Kafufuzeni kwina. Dziwaninso ngati geji yanu ili pa payipi ya medium yokhayokha kapena pa payipi imene medium yasakanikirana kale ndi malasha, chifukwa pa yachiwiriyi nambala imasintha ndi kuchuluka kwa malasha amene akulowa.

## Chizindikiro 1: geji ya density ikusiyana ndi kapu

Geji zambiri za density zimagwiritsa ntchito source ya Cs-137 (caesium-137) imene imatulutsa cheza chodutsa payipi, ndipo mbali inayo kuli detector yowerenga cheza chimene chafika. Lamulo lake ndi limodzi, ndipo mukaligwira mavuto ambiri mudzawamvetsa nokha: cheza chikafika chochepa, geji imati medium yalemera; chikafika chambiri, imati yapepuka. Geji sidziwa chimene chatchinga chezacho. Kaya ndi magnetite, kaya ndi matope ouma pakhoma la payipi, kwa iyo n'chimodzimodzi.

Ngati geji ikuonetsa nambala yokwera kuposa kapu, yambani ndi izi motsatana:

1. Zomatirira mkati mwa payipi. Izi ndizo zofala koposa, makamaka pulanti ikaima nthawi yaitali osatsuka mapayipi, kapena ngati geji ili pa payipi yogona. Thamangitsani madzi oyera okhaokha mu payipi yodzaza muone ngati geji ibwerere pa 1.00. Ikakana, payipi ikufunika kutsukidwa.
2. Matope ouma kunja, pakati pa payipi ndi detector. Anyamata otsuka pansi ndi hosipayipi amawazira matope pamenepo tsiku ndi tsiku.
3. Shutter, kachitseko kotsekera cheza cha source, sinatsegulidwe yonse pambuyo pa ntchito yokonza.
4. Zomangira zamasuka ndi kunjenjemera, ndiye source ndi detector sizikuyang'anananso bwino.
5. Tsiku la mu geji lasokonekera. Cs-137 imachepa mphamvu ndi theka pa zaka pafupifupi 30, kutanthauza kuti chaka chilichonse imataya pang'ono kupitirira 2 peresenti. Geji imadziwerengera yokha kuchepaku pogwiritsa ntchito wotchi yake yamkati. Kabatire ka wotchiyo kakatha, tsiku limabwerera m'mbuyo, ndipo geji imayembekezera cheza chambiri kuposa chimene source ikutulutsa lero.

Ngati ikuonetsa nambala yotsika kuposa kapu:

1. Mpweya mu payipi. Sump yatsika madzi ndipo pampu ikumeza mpweya, kapena medium yobwerera ikugwera pafupi ndi pakamwa pa pampu.
2. Payipi sikudzaza. Malo oyenera a geji ndi payipi yoimirira imene medium ikukwera m'mwamba.
3. Khoma la payipi kapena labala yamkati yadyeka. Magnetite imanola chitsulo, ndipo khoma likapyapyala cheza chimadutsa chambiri. Vutoli limabwera pang'onopang'ono kwa miyezi, n'chifukwa chake buku lolembamo ndi lofunika.
4. Pali anthu amene akujambula mawelodi ndi cheza pafupi. Apa nambala imagwa mwadzidzidzi n'kubwereranso iwo akamaliza.

Zotsatira zake zimakhala zotembenuka, ndipo apa ndi pamene opareta watsopano amasokonekera. Geji ikanama kuti medium yalemera, kompyuta imathira madzi ambiri, medium yeniyeni imapepuka, ndipo malasha abwino amapita ku mulu wa miyala. Wogula amakondwa chifukwa phulusa lachepa, koma mgodi ukutaya ndalama mwakachetechete. Ikanama kuti yapepuka, kompyuta imachepetsa madzi, medium imalemera, miyala imalowa m'malasha ogulitsa, ndipo foni ya ku Kanengo imalira. Pitani pa lamba wa zotaya mutole chidutswa chakuda chonyezimira. Chikakhala chopepuka m'manja, chikuswekanso mosavuta n'kuonetsa nkhope yowala, mukutaya malasha.

Kuseta geji mwatsopano kubwere pomaliza, zonsezi zitaonedwa, ndipo achite ndi munthu wa zida zoyezera, pogwiritsa ntchito madzi oyera ndi masampulo angapo a density zosiyana. Alembe m'buku nambala zakale asanaike zatsopano.

## Chizindikiro 2: density ikukwera n'kutsika osakhazikika

Choyamba ikani kayendetsedwe ka madzi pa manual, valavu muisiye malo amodzi, mudikire. Mzere wa pa sikirini ukakhazikika, vuto lili pa valavu kapena pa kasetedwe ka controller, mbali ya kompyuta imene imalamula valavuyo. Ukapitiriza kuvina, vuto lili mu medium kapena mu geji.

Ukakhazikika pa manual:

- Valavu ikukakamira. Lamulani 30 peresenti, kenako 35, kenako 40, wina ataima pa valavupo n'kumayang'ana ngati ikusunthadi. Valavu yokakamira imakhala chete kenako n'kudumpha.
- Mpweya wa kompuresa uli ndi madzi kapena ndi wochepa. Khetsani madzi pa fyuluta ya valavu.
- Pulesha ya madzi ikusinthasintha chifukwa payipi yomweyo ndi imene amatsukira pansi. Wina akatsegula hosipayipi, density imasuntha.
- Controller yasetedwa mwaukali. Pakati pa pothirira madzi ndi geji pamapita nthawi, ndiye controller yofulumira imathira madzi owonjezera isanaone zotsatira za oyamba aja.

Ukavinabe pa manual, onani mlingo wa mu sump, onani ngati magnetic separator (dramu ya maginito yotola magnetite m'madzi) ikubweza magnetite mosadukiza, ndipo funsani ngati wina wangothira matumba a magnetite nthawi imodzi. Onaninso kuchuluka kwa malasha olowa. Malasha onyowa a nyengo ya mvula amabweretsa madzi awoawo.

Kunjenjemera kwakung'ono kwa nambala yomaliza ndi chibadwa cha geji ya cheza, chifukwa cheza sichituluka mofanana sekondi iliyonse. Musakuthamangitse. Ena amakweza damping (kasetedwe kosalazira nambala) kwambiri kuti mzere uoneke wosalala pamaso pa abwana, koma potero geji imachedwa kuona kusintha kwenikweni.

## Chizindikiro 3: pulesha ya cyclone

Lamulo lodziwika ndi lakuti cyclone ipatsidwe pulesha yofanana ndi msinkhu wa medium wokwana kasanu ndi kanayi kukula kwa cyclone yo. Cyclone ya mamilimita 600 ikufuna mamita 5.4 a medium, omwe pa density ya 1.45 ndi pafupifupi 77 kPa. Tsatani nambala ya amene anapanga pulanti yanu, koma zindikirani kuti density ikakwera pulesha imakweranso ngakhale pampu isanasinthe liwiro.

Nambala yaima malo amodzi, sikugwedezeka ngakhale pang'ono: kabowo kolowera ku transmitter (chida choyezera pulesha) katsekeka ndi magnetite. Pulesha ya pampu yamoyo imanjenjemera pang'ono nthawi zonse. Imitsani pampu, nambala iyenera kugwa. Ikapanda kugwa, tsukani kabowoko, koma musatokose diaphragm ndi waya kapena sikuludiraiva. Ndi kachitsulo kopyapyala kwambiri, ndipo kakabooka transmitter yatha.

Pulesha ikutsika pang'onopang'ono kwa masabata: malamba a pampu akuterereka, impeller (chozungulira cha mkati mwa pampu) yadyeka, kapena spigot ndi vortex finder (payipi yotulukira kumwamba kwa cyclone) zakula ndi kudyeka. Yezani spigot ndi kalipa pulanti ikaima, mulembe. Spigot yokula imataya malasha ambiri ku zotaya ngakhale geji ya density ili bwinobwino, ndipo anthu ambiri amaimba mlandu geji pa tchimo la spigot.

Pulesha yakwera mwadzidzidzi: china chake chatseka polowera. Kawirikawiri ndi mwala waukulu umene wadutsa pa sefa yong'ambika, chidutswa cha thabwa, kapena labala yomatuka. Imitsani malasha olowa nthawi yomweyo.

Pulesha ikudumphadumpha: pampu ikumeza mpweya. Bwererani ku sump.

Yang'ananinso ndi maso zotuluka ku spigot. Ziyenera kumwazika mozungulira. Zikatuluka zitapotana ngati chingwe chokhuthala, spigot yalemedwa, ndipo miyala ina ikukwera kupita ku malasha abwino. Chepetsani malasha olowa.

## Chizindikiro 4: mlingo wa mu sump ukunama

Sikirini ikuti 60 peresenti, koma sump ikusefukira, kapena pampu ikulira njala. Pa zoyezera za ultrasonic, zimene zimayeza mlingo potumiza mawu n'kumva pamene abwerera, zifukwa zake ndi thovu limene limameza mawu a chidacho, madontho kapena matope pankhope pake, medium yogwera m'njira imene chikuyang'ana, ndi payipi kapena makwerero amene wina wawotcherera mkati mwa sump posachedwa. Mlingo ukafika pafupi kwambiri ndi nkhope ya chidacho, sichionanso, ndipo chimatha kuonetsa nambala yotsika pomwe sump yadzaza.

Pali china chimene chimachitika m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Liwiro la mawu mu mpweya limasintha ndi kutentha, ndiye chidacho chimayeza kutentha kuti chidzikonze. Dzuwa likachiwomba mwachindunji, chimaganiza kuti mpweya wonse mu sump watentha chomwecho, ndipo masana chimalakwitsa. Kadenga kakang'ono ka lata kamathetsa nkhaniyi. Pukutani nkhope yake ndi nsalu yofewa, ndipo yerekezani ndi ndodo yoyezera kamodzi pa shifiti.

## Chizindikiro 5: flow meter

Mita ya maginito yoyezera kuchuluka kwa zoyenda mu payipi imafuna payipi yodzaza, ma electrode oyera, ndi waya wa earth wogwira bwino. Nambala ikamadumpha, yambani ndi earth, makamaka pa payipi ya pulasitiki kapena yokutidwa labala mkati, pamene pamafunika timaringi ta earth. Pa payipi ya medium dziwani kuti magnetite payokha imakoka maginito, ndiye imasokoneza mita wamba, ndipo nambala imasuntha density ikasintha. Pamenepo muziigwiritsa ntchito poona ngati zinthu zikukwera kapena kutsika, osati ngati muyezo wotsimikizika.

## Chizindikiro 6: makina oyezera phulusa akusiyana ndi labu

Apa ndi pamene pamabuka mikangano yaikulu pakati pa a pulanti ndi a labu, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Makina ofala a pa lamba amagwiritsa ntchito ma source awiri, Am-241 ndi Cs-137. Cheza cha Cs-137 chimayeza kuchuluka kwa malasha pa lamba, pomwe cha Am-241, chimene n'chofooka, chimamezedwa kwambiri ndi zinthu zopanga phulusa. Vuto n'lakuti chitsulo ndi calcium zimameza chezachi kwambiri kuposa dothi wamba. Chitsulo chikachuluka pang'ono, makina amaona phulusa lambiri kuposa limene lilipo.

Zifukwa zake, kuyambira chofala:

1. Nthawi sizikugwirizana. Labu imawotcha sampulo pa madigiri 815 ndipo zotsatira zimabwera patapita maola. Yerekezani zotsatirazo ndi avareji ya makina pa nthawi imene sampulo inatengedwa, osati ndi nambala ya panopa.
2. Sampulo inatengedwa molakwika. Fosholo imodzi ya pamwamba pa mulu si sampulo. Zidutswa zazikulu zimagubudukira m'mphepete, zing'onozing'ono zimatsala pakati, ndipo phulusa lake ndi losiyana. Sampulo idule mtsinje wonse wa malasha, kangapo.
3. Chinyezi. Labu imanena phulusa la malasha oumitsidwa, pomwe makina akuona malasha onyowa. Gwirizanani kaye kuti mukuyerekeza pa muyezo uti.
4. Magnetite yotsalira pa malasha. Mapopu (timipopi towaza madzi) otsukira pa sefa akatsekeka, malasha amatuluka atavala magnetite, ndipo makina amakuwa kuti phulusa lakwera. Opareta amatsitsa density kuti akonze, motero amataya malasha abwino pa vuto limene likanatha ndi kutsuka mapopu.
5. Mgodi wasintha pokumba. Malasha a msempha wina, kapena a mgodi wina, ali ndi pyrite kapena calcium wosiyana, ndipo kasetedwe kakale sikagwiranso. Funsani a kumgodi musanaimbe mlandu makina. Ngati mumatsuka malasha a misempha yosiyana, msempha uliwonse ukhale ndi kasetedwe kake.
6. Malasha ndi ochepa pa lamba, kapena lamba wapatukira mbali imodzi, ndiye cheza chikudutsa m'mphepete mwa mulu.
7. Fumbi ndi matope pa zenera la detector.

Makina ndi labu zikagwirizana kuti phulusa lakweradi, koma density, pulesha ndi spigot zonse zili bwino, kayang'aneni mbali ya malasha ang'onoang'ono. Ma spiral, ngalande zopotana zotsukira malasha ang'onoang'onowo, amadula pa density yokwera kuposa cyclone, ndipo akatsekeka ndi matope kapena akalemedwa, zotuluka zake zimaipitsa malasha onse zikasakanizidwa. Onaninso masefa ngati sanang'ambike.

Chinanso chimene geji ya density singakuuzeni ndi kuchuluka kwa dothi mu medium. Medium ya 1.45 yodzaza dothi ndi ya 1.45 yoyera zimaonetsa nambala imodzi, koma sizilekanitsa mofanana. Dothi lochepa limathandiza magnetite kuti isadikhe msanga. Lochuluka limalimbitsa medium, ndipo tizidutswa ting'onoting'ono sitipeza mpata wopita kumene tiyenera. Labu ingayeze izi ndi Davis tube, chida cha maginito cholekanitsa magnetite ndi dothi. Kuti mudziwe pamene cyclone ikudulira kwenikweni, pamafunika ma tracer, timabokosi tapulasitiki ta mitundumitundu ta density yodziwika timene timaponyedwa mu malasha olowa n'kuwerengedwa potuluka, kapena kuyeza kwa float and sink ku labu.

## Chizindikiro 7: magnetite ikutha msanga

Magnetite imachokera kunja, monga ku Phalaborwa ku South Africa, ndipo imagulidwa ndi ndalama zakunja zimene tonse tikudziwa mmene zikusowera. Pulanti yoyenda bwino imataya pafupifupi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa tani ya malasha olowa. Yanu ikapitirira apo kwambiri, pali pamene ikudontha.

Chida chabwino apa ndi maginito wamba oikidwa mu jumbo. Aviikeni m'madzi otayidwa ndi magnetic separator kwa kanthawi. Jumbo ikatuluka itamera ndevu zakuda zoimirira, separator ikutaya. Mukatulutsa maginito mu jumbomo magnetite imagwa yokha, ndipo mungathe kuiika pa pepala n'kuyerekeza ndi ya dzulo. Chitani chimodzimodzi ndi malasha otsukidwa: ikani pang'ono mu ndowa ya madzi, vundulani, viikani maginito.

Zikapezeka pa malasha, onani mapopu otsekeka, pulesha ya madzi otsukira, timabowo ta sefa totsekeka, ndi kukhuthala kwa malasha pa sefa. Zikapezeka pa separator, onani mlingo wa madzi mu thanki yake, mpata wa pakati pa dramu ndi thanki, malo amene maginito amkati aloza, ndi kuchuluka kwa zolowa. Zikapanda kupezeka konseko, yang'anani pansi: sump yosefukira ndi pampu yodontha zimataya zambiri, makamaka ngati zotayikazo sizibwezedwa mu pulanti. Musaiwale sikelo ya pa lamba. Ikamawerenga matani ochepa chifukwa ziro yake yasuntha ndi matope omatirira pa lamba, kapena ma idler asokonekera, nambala ya magnetite pa tani imaoneka yoipa pomwe zinthu zili bwino.

## Chizindikiro 8: magetsi atazima, kapena mvula itagwa

Magetsi akazima pulanti ili ndi katundu, magnetite imadikha mu sump ndi m'mapayipi. Akabwera, musalowetse malasha msanga. Vundulani sump ndi mpweya, zunguzani medium yokha mpaka kapu ndi geji zigwirizane, ndipo muone ngati tsiku ndi kasetedwe ka geji sizinafufutike. Zida zoyezera ndi kompyuta ziyenera kukhala pa UPS (batire yogwirizira magetsi akazima), chifukwa kusintha kuchoka pa magetsi kupita pa jenereta kumazipweteka.

Nambala ikagwera pa ziro kapena kukwera kupitirira malire, yezani ndi multimeter waya wa 4 mpaka 20 mA, umene umatumiza nambala ya chida ku kompyuta. Ngati geji yasetedwa kuyambira 1.00 mpaka 2.00, ndiye 12 mA ndi 1.50, ndipo 1.45 ndi 11.2 mA. Zida zambiri zimatulutsa 3.6 mA kapena kucheperapo, kapenanso 21 mA kupita m'mwamba, pofuna kunena kuti zadwala. Mukapeza 0 mA, waya waduka kapena fyuzi yapsa. Nambala ya pa chida ikasiyana ndi ya pa sikirini pomwe mA ali bwino, malire a mu PLC (kompyuta yoyendetsa pulanti) ndi a mu chida sakufanana. Izi zimachitika kwambiri chida chikangosinthidwa.

Kuyambira Novembala mpaka Epulo tsegulani mabokosi a mawaya kawirikawiri. Madzi amalowera pa gland (polowera waya mu bokosi) yoyang'ana kumwamba, ndipo mudzapeza zomangira zitabiriwira. Mphezi imapha makadi a PLC kudzera m'mawaya aatali a panja. Makoswe nawo amakonda mawaya a mu ngalande. Ndipo wowotcherera asamangirire earth yake pafupi ndi detector kapena load cell ya sikelo.

## Pamene muyenera kuima n'kuitana katswiri

Pa nkhani ya source palibe kuyesa. M'dziko lino zida za cheza zimayang'aniridwa ndi Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe lokhazikitsidwa pansi pa lamulo la Atomic Energy Act la 2011, ndipo pulanti iliyonse yokhala ndi source iyenera kukhala ndi chilolezo komanso munthu wophunzitsidwa woyang'anira chitetezo cha cheza. Imani, chotsani anthu pamalopo, tchingani ndi chingwe, ndipo muitane munthu ameneyo ngati:

- shutter yakakamira, yathyoka, kapena simukudziwa ngati yatsekadi;
- chosungira source chagwa, chaphwanyika, chadyeka ndi dzimbiri, kapena chapsa ndi moto;
- mita yoyezera cheza ikuonetsa nambala yokwera kuposa ya masiku onse;
- payipi ya pa geji ikufunika kuchotsedwa, kudulidwa kapena kuwotchereredwa;
- source yasowa, kapena chikwangwani chake chachenjezo chachoka.

Musatsegule chosungira source, musachimenye ndi hamala kuti shutter imasuke, ndipo musalowetse dzanja kapena mutu mu payipi yopanda kanthu shutter isanatsekedwe, kukhomedwa loko, ndi kutsimikizidwa ndi mita. Payipi yopanda kanthu siitchinga cheza ngati yodzaza. Geji yakale isaponyedwe pa mulu wa zitsulo. Ogula zitsulo zakale amayenda ponseponse, ndipo chosungira source n'cholemera, chokopa maso. Mu 1987 ku Goiânia m'dziko la Brazil, source ya Cs-137 yochokera m'makina a chipatala chosiyidwa inafika kwa ogula zitsulo n'kutsegulidwa, ndipo anthu anayi anamwalira. Inali yamphamvu kwambiri kuposa ya pa geji, koma njira imene inadutsa ndi yomweyi imene geji yotayidwa ingadutse.

Itanani katswiri wa zida kapena amene anakugulitsani ngati geji ikukana kubwerera pa 1.00 pa payipi yoyera yodzaza madzi, ngati detector ikuwerenga mosinthasintha ndi kutentha kwa tsiku, ngati makina a phulusa akufunika kusetedwa mwatsopano, kapena ngati pulogalamu ya PLC ikufunika kusinthidwa. Ntchito ya mu panelo ya magetsi ndi ya amagetsi ovomerezeka, ndipo pampu, sefa kapena lamba zisakhudzidwe swichi yake isanakhomedwe loko, kiyi ali m'thumba la amene akugwira ntchitoyo.

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku migodi ya kumpoto ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa msewu wa M1, ndipo zipangizo zambiri zimachita kuitanitsidwa kunja, choncho musanaimbe foni konzani zimene katswiri adzafunse: nambala zitatu za kapu pamodzi ndi za sikirini pa mphindi zomwezo, chithunzi cha mzere wa density ndi pulesha wa maola angapo apitawo, mA amene mwayeza, kukula kwa spigot pamene munayeza komaliza, chithunzi cha kachikwangwani ka dzina ndi nambala ya chidacho, ndi chilichonse chimene chinasinthidwa kapena kukonzedwa vuto lisanayambe, ngakhale chioneke chaching'ono ngati kusintha payipi imodzi kapena kulandira magnetite ya mtundu wina.